Nthangala za Apurikoti M'bwalo la Milandu

Glen Rutherford anali wogulitsa mbewu m'chigawo cha Kansas, ku America. M'chaka cha 1971 madokotala anamupeza ndi chotupa cha khansa kumapeto kwa matumbo, namuuza kuti afunika opareshoni yaikulu. Anachita nayo mantha, nakana. M'malo mwake anawoloka malire kupita ku Tijuana, m'dziko la Mexico, kumene dokotala wina, Ernesto Contreras, ankapatsa odwala mankhwala otchedwa Laetrile, opangidwa kuchokera ku nthangala za apurikoti, chipatso chapachibale ndi pichesi. Komweko madokotala anachiwotchanso chotupa chija n'kuchichotsa. Rutherford anabwerera kwawo ali bwino, ndipo aliyense womufunsa ankamuuza kuti chamupulumutsa ndi Laetrile, osati kuwotcha kuja.

Kwawoko mankhwala amene ankawadalirawo sakanawagula poyera. Bungwe la boma loona za chakudya ndi mankhwala, la FDA, linali lisanawavomereze, choncho kuwalowetsa m'dziko kapena kuwadutsitsa malire a zigawo unali mlandu. Mu 1975 odwala angapo anasumira boma kukhoti la ku Oklahoma, ndipo mlanduwo unadziwika ndi dzina la Rutherford. Woweruza Luther Bohanon anawamvera odwalawo. Analola kuti munthu amene dokotala wake walumbira pakalata kuti khansa yake yafika posachizika aziitanitsa Laetrile. Boma litachita apilo, khoti la apilo nalo linaima ndi odwala, ndipo mfundo yake inali yosavuta kumva. Lamulo limati mankhwala asanagulitsidwe aonetse kuti savulaza komanso kuti amagwiradi ntchito. Nanga munthu woti akufa kale, amene palibenso chomuchiza, mukumuteteza ku chiyani? Choposa imfa chimene chingamuonekere n'chiyani?

Ndikamawerenga mfundo imeneyi mtima wanga umayamba wapita kwa Rutherford. Aliyense amene anakhalapo gadiyani wa wodwala khansa akuidziwa nthawi ija dokotala amakuitanira pambali, natsitsa mawu, n'kukuuza kuti, "Pitani nawo kunyumba, muzikawasamalira komweko." Kuyambira pamenepo banja limagwira chilichonse chimene dzanja lafikira. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Munthu wa mu ofesi ku Washington, amene usiku amagona tulo tabwino, angamuuze bwanji mnzake wobuula kuti chitseko ichi usatsekule? Thupi ndi lake, ndalama ndi zake, masiku otsalawonso ndi ake.

Pa 18 June 1979 Khoti Lalikulu la America linagamula mlanduwo mokomera boma, oweruza onse 9 mogwirizana. Analemba chigamulocho ndi Thurgood Marshall, munthu wakuda woyamba kukhala woweruza m'khotilo, yemwe ali loya anathera zaka zambiri akumenyera ufulu wa anthu amene malamulo a tsankho ankawapondereza. Sanali munthu woti n'kumuganizira kuti amakondera boma pamaso pa munthu wamba. Iye anakana ganizo lakuti munthu amene akufa sangavulazidwenso. Ine ndimazimva chonchi: miyezi itatu imene yamutsalira munthu ingafupikitsidwe n'kukhala milungu itatu, ndipo milungu yomweyo ingadzazidwe ndi kusanza ndi chizungulire m'malo mocheza ndi adzukulu. Marshall anafunsanso kuti wofika posachizikayo timamudziwa bwanji, popeza kawirikawiri zimenezi zimadziwika bwino munthuyo atapita kale, ndipo alipo odwala amene madokotala anawataya koma matenda anabwerera m'mbuyo. Kenako anakumbutsa za zinthu zimene amalonda akhala akugulitsa chiyambire zaka za m'ma 1900 ponena kuti zimachiza khansa: zosakaniza za mafuta, mazira ndi mpiru, phala la tchizi, ngakhale magetsi a mitundumitundu owalitsa pa wodwala. Lamulo likangochotsedwa pa odwala otayidwa, onsewa msika wawatsegukira, ndipo ogula awo ndi anthu amene mphamvu yokana inawathera kale.

Apa ndi pamene maganizo anga anakhazikika, ndipo sanasunthenso. Mlanduwu unkalengezedwa ngati nkhondo ya wodwala ndi boma, koma panali munthu wachitatu amene sankafuna kuoneka, wogulitsa. Lamulo la FDA silinkalimbana ndi munthu womeza piritsi. Linkalimbana ndi wopanga ndi wogulitsa, n'kumuuza kuti usanalandire ndalama ya wodwala sonyeza umboni wa zimene ukulonjeza. Lamulolo silinabwere chifukwa cha nkhanza za m'maofesi. Mu 1937 mankhwala amadzi otchedwa Elixir Sulfanilamide anapha anthu oposa 100 ku America, kuphatikizapo ana ambiri, ndipo chaka chotsatira lamulo linayamba kufuna umboni wakuti mankhwala savulaza. Mu 1962, pambuyo pa thalidomide amene anabadwitsa ana zikwizikwi olumala manja ndi miyendo ku Ulaya ndi kwina, anawonjezera kuti pakhalenso umboni wakuti amagwira ntchito. Ndime iliyonse ya lamulolo inalembedwa anthu atalira maliro. Ndipo boma linali litakumanapo kale ndi amalonda a khansa. Harry Hoxsey, amene ankagulitsa madzi a zitsamba m'zipatala zake za ku Dallas ndi kwina, analimbana nalo m'makhoti zaka zambirimbiri, mpaka FDA inachita kupachika zikalata zochenjeza anthu m'mapositi ofesi. Zipatala zake zitatsekedwa mu 1960, namwino wake anakatsegula china ku Tijuana. Hoxsey mwini wake atadwala khansa ya prostate mu 1967, mankhwala ake sanamuthandize, ndipo anachitidwa opareshoni.

Nanga Laetrile ameneyu anali chiyani? M'nthangala za apurikoti, za pichesi ndi za amondi wowawa muli chinthu chotchedwa amygdalin, chimene akatswiri a ku France anachipatula koyamba mu 1830. Chikaphwanyika m'thupi, makamaka m'matumbo, chimatulutsa poizoni wa cyanide. Ernst Krebs wa ku San Francisco ndi mwana wake, yemwenso anali Ernst Krebs koma analibe digiri ya udokotala, ndiwo anachitchukitsa kuyambira m'ma 1950. Ankati poizoniyo amakaphulikira m'maselo a khansa okha, maselo abwino n'kusiyidwa. Zimenezi sizinapezeke zoona. M'ma 1970 anasintha nkhani, nayamba kunena kuti amygdalin ndi vitamini, B17, ndipo khansa ndi matenda obwera chifukwa chosowa vitaminiyo. Kusinthako kunali ndi phindu lake pamaso pa lamulo, chifukwa vitamini amawerengedwa ngati chakudya, sadutsa m'mayeso amene mankhwala amadutsamo. Koma thupi la munthu silisowa amygdalin, ndipo palibe amene anadwalapo chifukwa chosadya nthangala za apurikoti.

Ife kuno sitifunika labotale kuti timvetse za poizoni ameneyu. Ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota mayi aliyense amadziwa kuti chinangwa chowawa sachiphika chongokumba kumene. Amachisenda, kuchiviika m'madzi masiku angapo mpaka chifewe, kuchiyanika, ndiye n'kusinja ufa wa kondowole. Chimene amachotsa ndi ntchito yonseyi ndi cyanide yemweyo, wochokera ku linamarin, m'bale wake wa amygdalin. Mu 1981, chilala chitavuta m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, anthu anadya chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira, ndipo oposa 1,000, makamaka amayi ndi ana, anapuwala miyendo. Munthu wa kunyanja sunganamize kuti chinthu chikamera m'nthaka ndiye kuti sichipha. Koma ku America anthu ophunzira ankameza mapiritsi a Laetrile ali chilimbikire mtima kuti ndi zachilengedwe, ndipo mu 1977 khanda la miyezi 11 m'chigawo cha New York linamwalira litameza mapiritsi a bambo ake.

Chimene chinapatsa Laetrile mphamvu sichinali umboni koma ndale. Dokotala wina wa ku California, John Richardson, atamangidwa mu 1972 chifukwa chopereka mankhwalawa, omutsatira anakhazikitsa gulu lomenyera ufulu wosankha thandizo la khansa. Anachita mwanzeru. Anasiya kutsutsana za ngati mankhwalawo amachiza, nayamba kufunsa kuti boma ndi ndani kuti lisankhire munthu. Funso limenelo limakoma m'khutu la phungu aliyense, makamaka akaona odwala atadzaza m'chipinda cha msonkhano, ena ali pa njinga za olumala. Chigawo cha Alaska chinavomereza Laetrile mu 1976, ndipo m'zaka zochepa zigawo zoposa 20 zinatsatira. Pofika 1978 anthu pafupifupi 70,000 a ku America anali atamuyesa. Katswiri wa mafilimu Steve McQueen, atapezeka ndi khansa ya mesothelioma, anapita ku Mexico kukalandira Laetrile ndi zina zotero, namwalirira komweko mu November 1980. Aphungu angathe kuvota kuti chinthu chiloledwe, koma chotupa sichimva zotsatira za voti.

Pamenepa mpamene ndimaona kuti boma ndi madokotala akuluakulu anali ndi mbali yawo yolakwa. Kwa zaka zambiri ankangoti Laetrile ndi bodza, osafuna kumuyesa pa anthu, chifukwa pa nyama sanaonetse kanthu kogwirika. Mwa sayansi anali ndi chifukwa chomveka. Koma ku Memorial Sloan-Kettering, chipatala chotchuka cha khansa ku New York, katswiri wachikulire wolemekezeka, Kanematsu Sugiura, anali ataona ngati mbewa zopatsidwa amygdalin khansa siifalikira kwambiri m'mapapo mwake. Ena atabwereza kafukufukuyo, makamaka pamene woyang'ana sankadziwa kuti mbewa iti yalandira chiyani, zotsatirazo sizinaonekenso. Ndi mmene sayansi imadzikonzera, koma kwa munthu wapanja zinaoneka ngati akuluakulu akubisa chinthu. Wogwira ntchito wina wa pachipatalapo, Ralph Moss, atanena poyera kuti pali zobisa, anachotsedwa ntchito mu 1977, ndipo mphekesera zinangokula. Anthu akamafa ndipo olamulira akungoyankha kuti ife tikudziwa, khulupirirani, amalimira munda wa wogulitsa.

Potsiriza bungwe la boma lofufuza za khansa, National Cancer Institute, linachita zimene linayenera kuchita kalekale. Mu 1978 linalembera madokotala 385,000 ndi azaumoyo ena 70,000, komanso magulu okonda Laetrile, kuti atumize mbiri ya wodwala aliyense amene akuganiza kuti anathandizika. Pa anthu 70,000 aja amene anali atayesa Laetrile, mbiri zimene zinabwera zinali 93. Zokhala ndi umboni wokwanira kuunika zinali 67, ndipo mwa izo 6 zokha ndi zimene zinaonetsa chotupa chikuchepa kapena kutha. Kenako anayesa pa odwala enieni, motsogozedwa ndi Charles Moertel wa ku Mayo Clinic, m'zipatala zinayi. Odwala 178 analandira amygdalin pamodzi ndi zakudya ndi mavitamini monga momwe okhulupirira Laetrile ankalangizira. Zotsatira zinatuluka mu 1982. Palibe amene anachira. Mmodzi yekha chotupa chake chinachepako kwa kanthawi, n'kuyambanso kukula. Patatha miyezi itatu, pafupifupi 9 mwa odwala 10 alionse matenda anali atapita patsogolo, ndipo theka la iwo anali atamwalira miyezi isanu isanakwane. Angapo anapezeka ndi cyanide m'magazi wofika pafupi ndi mlingo wopha. Chipwirikiti cha Laetrile chinazilala pambuyo pa zimenezi kuposa mmene chinazilalira ndi chigamulo cha khoti. Ndimaganizira odwala 178 aja, amene anapereka miyezi yawo yomaliza kuti funsolo liyankhidwe, ndipo ndimafunsa kuti ndi angati akanapulumutsa ndalama zawo ndi nthawi yawo likanayankhidwa zaka khumi m'mbuyomo.

Milandu yowawitsa mtima koposa inali ya ana. Chad Green anapezeka ndi khansa ya m'magazi mu 1977 ali ndi miyezi 20. Mtundu wa khansa yakewo unali utayamba kugonja ku mankhwala. Nthawi imeneyo pafupifupi theka la ana ankachira, ndipo lero m'mayiko olemera amachira 9 mwa 10 alionse. Chemotherapy inagwira, matenda anabwerera m'mbuyo. Koma makolo ake, poona mwana akuzunzika ndi majakisoni, analeka mwakachetechete kumupatsa mapiritsi, nayamba kudalira zakudya zapadera. Khansa inabweranso. Dokotala wake ku Massachusetts General Hospital anapita kukhoti, khoti linalamula kuti mankhwala apitirire, ndipo matenda anagonjanso. Makolowo anawonjezera Laetrile pambali, mpaka kuyeza kunaonetsa zizindikiro za cyanide m'thupi la mwanayo. Khoti litaletsa Laetrile mu January 1979, anathawa naye kupita ku Tijuana. Chad anamwalira kumeneko pa 12 October 1979, asanakwanitse zaka 4. M'chaka chomwecho khoti lalikulu la chigawo cha New York linagamula mosiyana pa mlandu wa Joseph Hofbauer, mnyamata wodwala khansa ya Hodgkin. Linati makolo ake sanamunyanyale, popeza anamuika m'manja mwa dokotala wachiphaso, ngakhale dokotalayo ankapereka Laetrile ndi zakudya m'malo mwa thandizo lodziwika. Joseph anamwalira mu 1980 ali ndi zaka 10, ndi khansa imene ili m'gulu la zochizika kwambiri.

Makolo amenewa sindiwada. Ankawakonda ana awo, ndipo amene anagwirapo mwana akubayidwa pamsana akudziwa mmene mtima umafunira kumunyamula n'kuthawa. Koma mfundo ya ufulu wosankha imathera pamenepa. Chad sanasankhe kanthu. Munthu wamkulu akakana thandizo, ngakhale zitipweteke, moyo umene akuuika pachiswe ndi wake. Kholo likakanira mwana thandizo limene likanamupatsa mwayi wa theka kuti akule, likutchova ndi moyo wa munthu wina. Khoti la ku Massachusetts linaona bwino, ndipo la ku New York linayang'ana chiphaso cha dokotala m'malo moyang'ana mwanayo.

Pali chinthu china chimene chimandivuta anthu akamaika nkhaniyi ngati mpikisano wa zitsamba ndi mankhwala a azungu. Amodzi mwa mankhwala ochiza khansa ya mtundu wa Chad ndi vincristine, ndipo amachokera ku kaduwa ka Madagascar periwinkle, kaja ka maluwa ofiirira kapena oyera kamene ambiri timabzala m'mphepete mwa khonde. Ku Jamaica anthu ankamwa masamba ake pofuna kuchiza matenda a shuga. M'ma 1950 akatswiri awiri ku Canada, Robert Noble ndi Charles Beer, sanazinyoze zimenezo, anaziyesa. Shuga sanatsike, koma anaona maselo oyera a m'magazi a makoswe akuchepa kwambiri, ndipo anazindikira kuti chimene chikuchita zimenezo chingalimbane ndi khansa ya m'magazi. M'menemo munatuluka vinblastine, kenako vincristine, amene anavomerezedwa mu 1963. Vincristine yemweyo wathandiza ana odwala Burkitt lymphoma pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndi odwala Kaposi sarcoma ambiri m'dziko muno. Paclitaxel anachokera ku khungwa la mtengo wa Pacific yew. Ngakhale LA amene timamwa tikadwala malungo gwero lake ndi chitsamba cha ku China. Choncho wina akandiuza kuti makampani amabisa mankhwala a khansa chifukwa ndi a m'tchire ndipo sangapindule nawo, ndimamukumbutsa kuti pa kaduwa aka ndi pa khungwa lija makampani apindula ndalama zosawerengeka. Dyera ali nalo, ndipo mitengo imene amaika pa mankhwala a khansa ndi nkhani yochititsa manyazi payokha. Koma dyera lomwelo likanawathamangitsira ku nthangala za apurikoti zikanakhala kuti zimachiza. Kaduwa kaja kanayesedwa n'kupambana, ngakhale pa matenda ena osati amene anthu ankaganizira. Apurikoti anayesedwa n'kulephera.

Sindikufuna kunamizira kuti lamulo silipweteka munthu wosalakwa. Abigail Burroughs, mtsikana wa ku Virginia, anali ndi khansa ya m'mutu ndi m'khosi. Dokotala wake ankaganiza kuti mankhwala atsopano amene anali pa mayeso, monga cetuximab, angamuthandize, koma sanakwanitse zomuyenereza kulowa m'kafukufukuyo. Anamwalira mu 2001 ali ndi zaka 21, ndipo mu 2006 cetuximab anavomerezedwa pa khansa ya mtundu womwewo. Bambo ake anakhazikitsa bungwe limene linasumira FDA. Mu 2007 khoti la apilo la ku Washington, oweruza 8 kutsutsana ndi 2, linagamula kuti malamulo aakulu a dzikolo sapatsa wodwala ufulu wolandira mankhwala osavomerezedwa, ndipo Khoti Lalikulu linakana kumva apilo. Mu 2018 aphungu anakhazikitsa lamulo la Right to Try, lolola odwala otayidwa kupempha mankhwala amene adutsa gawo loyamba la mayeso. Nkhani ya Abigail imandilasa, ndipo ndikuvomereza kuti kuchedwa kwa boma nako kumapha. Komabe iye ankapempha mankhwala amene eni ake anali atawapereka kuti ayesedwe, odwala akuwerengedwa mmodzimmodzi, amoyo ndi omwalira omwe. Eni Laetrile anagulitsa zaka zoposa 20 osasunga kaundula woti n'kuonetsa.

Milandu imeneyi ndi ya ku America, koma sindiiwerenga ngati mlendo. Azakhali anga anadwala khansa ya khomo la chiberekero, matenda amene malinga ndi chiwerengero cha bungwe la WHO cha 2020 amagwira amayi oposa 4,000 pachaka m'Malawi muno n'kupha pafupifupi 3,000. Anayamba kutaya magazi atasiya kale kusamba, ndipo anabisa nthawi yaitali chifukwa cha manyazi. Atapita kuchipatala anawadula kanyama kokayeza, nawauza kuti adikire zotsatira. Kudikirako kunatalika. M'katikati mwa kudikirako ndi mmene munalowa bambo wina amene anamumva pawailesi. Anabwera yekha pakhomo, nakhala pamphasa, namvetsera nkhani yawo yonse osayang'ana wotchi, napemphera nawo. Kenako anati, "Mayi anga, musadandaule, amenewa ndachiza ambiri. Koma mukayamba kumwa awa musasakanize ndi akuchipatala, amalimbana m'thupi." Mankhwalawo ankabwera m'zigubu, chigubu chilichonse ndi mtengo wake. Zinapita mbuzi, kenako malata amene anasungira nyumba yatsopano. Tsiku lobwerera kuchipatala litafika, azakhali anati ayambe amaliza kaye mlingo umene anawauza. Pamene anabwererako, dokotala anatiitanira pambali.

Chimene chinawathandiza pamapeto ndi morphine wamadzi amene namwino wosamalira odwala matenda osachizika ankatipatsa m'kabotolo, osalipira kanthu. Anayamba kugona, anayambanso kulankhula ndi ana awo. Bambo wa zigubu uja sanaonekenso, ndipo ndikhulupirira kuti azakhali sali m'gulu la anthu amene amawatchula akamati ndachiza ambiri.

Sindiiwala kuti munthu ameneyu anawapatsa zinthu zimene pamzere wa kuchipatala sanazipeze: nthawi, ulemu, ndi yankho la tsiku lomwelo. Rutherford anathawa opareshoni imene inali yokonzeka kumudikira. Anthu athu ambiri sathawa chipatala, amatopa n'kuchidikira. Kwa zaka makumi ambiri chilandirire ufulu, m'dziko muno munalibe makina a radiotherapy, ndipo odwala ochepa amwayi ankatumizidwa ku India, ku Tanzania kapena ku Zambia, ena onse n'kutsala pamndandanda. Boma loletsa wogulitsa zigubu lili ndi ngongole kwa mayi amene lamuletsera: zotsatira zobwera msanga, kuyeza khomo la chiberekero pachipatala chapafupi, katemera wa HPV amene anayamba kuperekedwa kwa atsikana m'dziko lonse mu 2019, ndi morphine wosasowa pashelefu. Popanda zimenezi chiletso chimangomusiya wodwala manja ali m'khosi. Koma kuperewera kwa chipatala sikusandutsa bodza kukhala mankhwala. Akatswiri a ku Yale, mu kafukufuku amene anatuluka mu 2018, anatsatira odwala 281 a khansa zochizika amene anasankha njira zina zokha, n'kuwayerekeza ndi anzawo 560 amene analandira thandizo lodziwika. Osankha njira zinawo chiopsezo chawo cha imfa chinali chokwera kawiri ndi theka, ndipo pa khansa ya m'mawere chinaposa kasanu. Chinawapha ambiri si zimene anamwa, koma miyezi imene anataya.

N'chifukwa chake sindifuna lamulo lothamangitsa agogo amene amadziwa muzu wa chifuwa, kapena sing'anga amene akagwira chotupa cholimba m'bere amati, "Mayi, ichi si changa, thamangirani kuchipatala." Oterewa alipo, ndipo ndi abwenzi a dokotala. Ndikufuna lamulo lolunjika pa mawu awiri, lonjezo lakuti ndimachiza khansa ndi langizo lakuti siyani akuchipatala. Dziko la Britain lili ndi lamulo lotero chiyambire 1939, Cancer Act, loletsa aliyense kutsatsa kwa anthu wamba kuti amachiza khansa. Ku Australia, Belle Gibson, amene ananama kuti anadzichiza khansa ya mu ubongo ndi zakudya pamene sanadwalepo khansayo, khoti linamulipiritsa madola a kumeneko 410,000 mu 2017. Kuno tili ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, ndipo mankhwala azitsamba ali m'gulu la zinthu zimene liyenera kuyang'anira. Nthangala za apurikoti nazonso sizinathe. Zikugulitsidwabe pa intaneti ndi dzina lija la B17, ndipo mauthenga ake amayenda pa WhatsApp n'kufika m'mafoni a abale athu, opanda mawu amodzi onena za odwala 178 aja.

Ndikufuna kudzaona wogulitsa wotere ataima pamaso pa majisitireti, akufunsidwa modekha zimene National Cancer Institute inafunsa mu 1978: odwala amene munawachiza ndi angati, anayezedwa kuti, ali kuti lero, ndipo amene anamwalira munawalemba pati. Ngati ali ndi mayankho, mankhwala ake apite ku labotale ya sukulu ya zaumoyo akayesedwe, ndipo akapambana dzina lake lilembedwe pabotolo. Ngati alibe, abweze mbuzi ndi malata a anthu, ndipo mwini wailesi amene analandira ndalama zake zotsatsira malonda adzakhale naye pabenchi lomwelo, ayankhe nawo mlanduwo.